Kumanja Kwayera

Alamu anga a Sixten Bergkvist anakhala m'banja ndi achemwali anga a Majvor zaka makumi anayi ndi zitatu osakhalapo pampando wa pambali m'galimoto. Kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi ku Torsby kukagula zinthu, kaya ndi kumaliro, iwo pachiwongolero kumanzere, achemwali kumanja, chikwama pamiyendo. Anali makaniko wa makina odula mitengo, ndipo kwathu kuno ku Kvarnåsen kunalibe injini imene sanailowetsepo dzanja. Munthu wake ndi wamfupi, wamapewa otambalala, wosadziwa mawu akuti "kaya". Mukawafunsa ngati chinthu chingatheke, amavomera musanamalize n'komwe funso. Chonyansa chake n'chakuti nthawi zambiri chimathekadi, ndiye otsutsafe timasowa pogwira.

Ine Helge, mlongo wa a Majvor, ndinalephera mayeso oyendetsa galimoto katatu ndili mnyamata, kenako ndinangoti basi, njinga ilipo. Ndimakhala kilomita imodzi kuchokera kwa iwo, ndipo mpando wakumbuyo wa galimoto yawo wakhala wanga moyo wonse. A Sixten sanatope nayo nkhani imeneyi. "Katundu wakwera?" ankatero m'mawa uliwonse wa ulendo, ine ndisanatseke chitseko.

Achemwali anali ndi ntchito imodzi m'galimotomo. Msewu wathu wamiyala umakathera pamsewu waukulu, ndipo wopita ku Torsby amakhotera kumanzere n'kuyamba chitunda nthawi yomweyo. Chakumanja msewu umatsetsereka kuchokera pakona, ndipo malole a zipika amatsika pamenepo ali paliwiro kuti akakwere bwino chitundacho. Ndiye woyendetsa amayang'ana kumanzere, wokhala pambali n'kusuzumira kwinako n'kunena kuti, "Kumanja kwayera." Aliyense kuno amatero, ngakhale pakati pa tchire pomwe sipadutsa kanthu. Achemwali ananena mawu amenewa zaka zonsezo, ndipo a Sixten ankaponda moto osatembenuza khosi.

Laisensi achemwali anali nayo, galimoto anali nayonso, kofiira kakang'ono kamene anasiya malemu amayi athu. Ankayenda nako mumsewu wamiyala basi, kukaimba kwaya ndi kukaona anzawo. Kumsewu waukulu sankafikako.

Mu Epulo chaka chatha, chipale chofewa chitangosungunuka, a Sixten anadzicheka dzanja lamanja ndi makina ochekera nkhuni. Bala lake linali lofunika kusoka. Galimoto yawo yaikulu achemwali anaikana, choncho tinapanikizana m'kofiira kaja, alamu pampando wa pambali atakulunga dzanja m'thaulo, akulamula giya iliyonse ngati akuphunzitsa mwana. Titafika pamphambano, achemwali anaima n'kuyang'ana kumanzere. A Sixten anapotoza mutu pang'ono n'kunena molimba mtima kuti, "Kumanja kwayera."

Sikunayere. Ine ndinali kumbuyo ndipo ndinaiona lole ija, yobiriwira, itasenza zipika mpaka pamwamba, nyali zikuyaka, ili poyerayera. Ndisanakuwe n'komwe, achemwali analowa mumsewu, kagalimoto n'kuyamba kukwawa pachitunda monga mwa masiku onse. Hutala inalira mpaka mano anga ananjenjemera. Woyendetsa loleyo, Mulungu amudalitse kulikonse ali, anaponda mabuleki n'kutilambalala, matayala ake akununkha. Achemwali anaimika pambali n'kuzimitsa injini.

"Kagalimoto aka n'kaulesi!" anakuwa a Sixten. "Kakanakhala ndi mphamvu bwenzi tili pamwamba paja lole isanatiyandikire. Amayi anu anagula ngolo, osati galimoto."

Achemwali analizanso injini. Anatifikitsa kuchipatala, anatibweretsa kunyumba, kenako anakoleka kiyi pamsomali n'kunena mawu ochepa: "Pamphambano paja sindidzapondanso." Ine za lole ija sindinazitchule, ndipo ndikuvomera kuti anali mantha. Kuuza a Sixten kuti sanaone lole kunali ngati kuuza m'busa kuti sadziwa Atate Wathu.

Koma namwino amene anawasoka anaona kuti akuphonya kapu ya madzi imene anawaikira chakumanja, ndipo anawatumiza kwa dokotala wa maso. Mu Juni yankho linabwera. Anali ndi nthenda ija imene imadya maso kuyambira m'mbali, munthu n'kumaona za kutsogolo zokha. Anawapatsa mankhwala odontheza n'kuwauza kuti adzawayesanso mu Okutobala, koma asayembekezere kuti laisensi idzapulumuka.

Mwana wawo Ulrika anabwera kuchokera ku Karlstad ndi mapepala a nyumba ya m'mwamba ku Torsby, pansanjika yachitatu, pafupi ndi sitolo. Tinakhala m'khitchini, khofi akuzizira m'makapu.

"Ababa, sitolo ili makilomita makumi atatu," anatero Ulrika. "Basi imene imafika kuno ndi ya ana a sukulu yokha. Mudzadya chiyani, mitengo ya paini? Amalume awa adzakukwezani panjinga?"

"Amayi ako adzayendetsa."

"Ndinanena kale ine," anatero achemwali akupukuta tebulo loyera kale.

"Vuto ndi kagalimoto, si inu," anatero a Sixten.

"Ndiye mugule yatsopano," anatero Ulrika.

"Zija zolankhula zokha?" anatero achemwali. "Yako ija inandikalipira chifukwa chosamanga lamba ndili pakhomo panga pomwe. Ndili naye kale wondikalipira m'galimoto, sindikufuna wachiwiri."

A Sixten anamenya tebulo ndi dzanja labwinolo. "Basi, nkhani yatha. Tikaika tabo."

Ulrika anaseka, koma mapepala anawasiya pamwamba pa firiji, n'kunena kuti nyumbayo idikira mpaka kumapeto kwa Okutobala. Tonse tinamva bwino lomwe. Achemwali akapanda kudutsa pamphambano paja, nyumba imene a Sixten anamanga ndi manja awo, galaja yawo, munda wa mbatata ndi mitengo ya maapozi ya achemwali, zonse zikhala za ena. Ndipo ine ndinkadziwa kuti alamu anga pansanjika yachitatu, opanda injini yoti agwire, sakanatha zaka ziwiri.

Tabo ndi chipangizo chooneka ngati nkhono. Utsi wotuluka mu injini umazunguza timapiko tam'kati mwake, iyo n'kumakankhira mpweya wochuluka mu injinimo, yaing'ono n'kumakoka ngati yaikulu. Kuno anyamata amaika matabo pa chilichonse chokhala ndi matayala, ndipo akakalamba sasiya, amangowonjezera khofi. Loweruka lililonse m'mawa madoda a m'deramo ankasonkhana m'galaja ya a Sixten kudya mabanzi a achemwali ndi kunamizana za liwiro. Nkhani itawafika, a Folke Nyström, amene anathamangitsapo galimoto pamipikisano ya m'nkhalango n'kutsala ndi mwendo wotsimphina, anabwera atanyamula tabo yaikulu ngati dzungu.

"Iyi ndiye tabo, achimwene," anatero a Folke. "Mayi akaponda, akazindikira ali ku Norway."

A Sixten maso anawala. Anagwira ntchito masabata asanu, kuwotcherera mapaipi, kukokera njira ya oyilo, kusintha kilatchi. Ine anandilemba ntchito yowawerengera manambala aang'onoang'ono a pamageji ndi pakompyuta, ati pomaliza katundu wapeza phindu lake. Tsiku loyesa anayendetsa okha, ine ndili kumbuyo. Anaikoka injini mpaka inalira ngati ikuphedwa, kenako kagalimoto ka amayi kanadumpha, msana wanga n'kumatirira kumpando. A Sixten anaseka ngati mnyamata.

"Mwamva, alamu? Ndiye mundiuze kuti sizitheka!"

Anawanyengerera achemwali masiku atatu kuti angoyesa pamsewu wamiyala. Anavomera, ife titaima kunja. Ananyamuka bwinobwino, n'kulowetsa giya yachiwiri msangamsanga monga amachitira. Kagalimoto kanangoti zii, kufooka kuposa kale. Anaponda moto, palibe. Anapondanso kwambiri, palibe. Kenako chinthu chija chinadzuka mwadzidzidzi, matayala anapala miyala, ndipo kagalimoto kanakalowa pamzere wa mabokosi a makalata a mudzi wonse. Loyamba kugwa linali langa. Achemwali anatuluka ali bwinobwino, n'kuyamba kutola manyuzipepala a anthu mumsewu.

"Mukusintha giya msanga!" anatero a Sixten akuthamangira. "Tabo yaikulu imafuna utsi wambiri kuti idzuke. Muziikoka injini ilire kaye!"

"Bambo a Ulrika, ine anandiphunzitsa atate anga chaka chija petulo anasowa, boma n'kumachita kugawira anthu ndi makadi. Anati injini ikalira ndiye kuti ukuiwawitsa. Zaka makumi asanu ndayenda chonchi. Mukufuna ndisinthe phazi chifukwa cha dzungu la a Folke?"

Madzulo ake m'galaja ndinalimba mtima kamodzi m'moyo wanga. "Alamu," ndinatero, "galimoto imeneyi mwakonzera ndani?"

Sanandilankhule masiku awiri, ndipo ine sindinadandaule, makutu anapumula. Tsiku lachitatu ndikubwera panjinga ndinaona zimene sindinaganize kuti ndidzaona. Tabo ya a Folke inali itachotsedwa, ili pabenchi. Kagalimoto kanali kakuyenda pang'onopang'ono chakumlatho wa pachigayo chakale, achemwali pachiwongolero, a Sixten pambali, atatsinzina, pakamwa potseka. Anachita zimenezi sabata yathunthu, m'mawa uliwonse. Sankalamula kanthu. Ankangomvetsera pamene achemwali amasinthira giya, mmene amapondera, pamene amasiyira, akafika n'kundiuza manambala ndilembe pakhoma ndi choko.

"Mlongo wanuyu amayendetsa bwino," anandiuza tsiku lina monyinyirika, ngati akuulula tchimo. "Kilatchi saipweteka. Zaka zonsezi sindinadziwe."

Tabo yachiwiri anaipeza kwa ogulitsa zotsala za galimoto zakufa. Inali yaing'ono ngati chibakera, ya mtundu umene umadzuka injini ikadali pansi. Anaichepetseranso mphamvu yokankhira mpweya, kuti isamenye koma izingokoka. A Folke ataiona anaseka mpaka anakhala pansi.

"Achimwene, mwaika choumitsira tsitsi cha mayi! Tembenuzaniko kasikuluwu ako kawiri kokha, mpweya uwonjezeke. Anthu akamva kuti Sixten Bergkvist anaika kanthu aka, mudzayenda bwanji pamsewu?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Folke," anatero a Sixten. "Inu liwiro linakupatsani mwendo umodzi ndi theka. Idyani banzi mukhale chete."

Ntchito ya ulendo uno inali yosamala. Anaika kachoziziritsira mpweya kuseri kwa bampala, anasintha mabuleki onse, anakulunga mapaipi otentha kuti asaotche mawaya. Manja awo ankapeza mabauti pansi pa injini osafuna nyali, moti munthu ukanaiwala za maso aja. Koma tsiku lina anafunafuna sipanala imene inali pabenchi, pafupi ndi chigongono chawo chakumanja. Anapapasa kutsogolo, anatukwana, anayang'ana pansi. Ndinaikankhira patsogolo pawo mwakachetechete. Anaitenga n'kupitiriza ntchito.

"Alamu," ndinayamba, "tsiku lija pamphambano..."

"Werengani geji ya oyilo, alamu. Simunabwere kudzacheza."

Mu Seputembala anakatengera kagalimoto kwa oyesa galimoto, chifukwa chilichonse chimene wasintha pa injini chiyenera kulembedwa m'mapepala, apo ayi galimoto sikhudza msewu. Mayi woyesayo anaona mabuleki, anayeza utsi, anayeza phokoso, anakayenda nako, n'kubwera akumwetulira. Anati anyamata amamubweretsera magalimoto ofuna kuuluka, koma aka n'koyamba kuona munthu ataika tabo n'kuimanga m'kamwa.

"Ndi ya akazi anga," anatero a Sixten, chifuwa patsogolo. "Amasintha giya msanga."

Mapepala anadindidwa. Achemwali nawo anavomera kuti kagalimoto tsopano kakumva. Akaponda pang'ono kankayankha nthawi yomweyo, kakuimba kaluzu kakang'ono pansi pa boneti. Ankayenda nako tsiku lililonse mumsewu wamiyala. Koma akafika pamlatho wa pachigayo, pomwe mphambano imayamba kuonekera, ankatembenuka n'kubwerera. Mapepala a Ulrika anali akadali pamwamba pa firiji, ndipo masamba a mitengo anali atayamba kufiira.

Tsiku lokaonana ndi dokotala linali Lachiwiri, m'mawa wozizira, udzu utayera ndi chisanu. Ndinafika ndikuyembekeza kuti a Sixten ayendetsa komaliza, pakuti laisensi inali ikadali m'thumba mwawo. Ndinawapeza atakhala kale pampando wa pambali m'kagalimoto kofiira, atavala jekete la kutchalitchi, lamba atamanga. Achemwali anaima pakhonde nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kiyi.

"Katundu wakwera?" anafunsa achemwali ine nditakhala kumbuyo. Palibe anaseka.

Tinadutsa mabokosi a makalata, tinadutsa mlatho. Pamphambano achemwali anaima n'kuyang'ana kumanzere. Ndinaona khosi lawo litauma, akudikira mawu aja. A Sixten anatembenuza mutu wonse, anasuzumira, anatsitsa galasi, anasuzumiranso. Injini inkangoguguda pansipansi. Ine ndinkaona bwino kuti msewu uli mbee mpaka pakona, koma ndinadziwa kuti si ine woyenera kulankhula.

"Mayi a Ulrika," anatero a Sixten, mawu atatsika. "Sindikuona bwino. Pakona paja pangokhala chifunga." Anakwezanso galasi lija. "Tsiku lijanso sindinaone. Lole ija sindinaione n'komwe. Si kagalimoto kanalakwa, si inunso."

Achemwali anaika giya pakati n'kukoka buleki ya pamanja, pomwepo pamphambano.

"Mukuyesa sindinkadziwa? Kuyambira Khirisimasi mwakhala mukugwetsa makapu a kumanja kwanu. Chitunda ichi sindinkachiopa ine. Ndinkaopa kukhala pano ndi munthu woti anena kuti kwayera asakuona, chifukwa choti sangathe kunena kuti sakudziwa. Miyezi isanu ndi umodzi ndadikira mawu amenewa, inu muli kalikiliki ndi mapaipi."

"Ndiye tabo ija ndavutikira chabe?"

"Ndani wanena zimenezo? Kagalimoto kanali kaulesidi, amayi anagula ngolo. Tsamirani kumbuyo, mukunditchinga."

A Sixten anatsamira kumpando, manja pamiyendo, pamalo pomwe chikwama cha achemwali chinkakhala. Achemwali anamasula buleki, analowetsa giya, anayang'ana kumanzere, kenako anawerama n'kuyang'ana kumanja kudutsa pamphuno pa amuna awo.

"Mawu amenewa ndi anga," anatero. "Munawabwereka tsiku limodzi lokha n'kuwaononga. Kumanja kwayera."

Anaponda. Kagalimoto kanalowa mumsewu kakuimba kaluzu kake. Anasintha giya msanga monga anawaphunzitsira atate, ndipo m'malo mofooka kanangokoka, kukwera chitunda ngati pansi n'posalala. Tili pakati pa chitunda ndinacheuka. Lole ya zipika inali itatulukira pakona, ikutsika ndi liwiro lake lonse, koma m'malo mokula inkacheperachepera kumbuyo kwathu. Ndinakuwa ngati mwana, ine munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. A Sixten anayang'ana kuwindo n'kupukuta kumaso ndi mkono wa jekete, ati mankhwala odontheza aja amayabwa m'mawa.

Kwa dokotala sanatsutse kanthu. Anayesedwa, anauzidwa zimene ankadziwa kale, anatulutsa laisensi n'kuiika patebulo okha. Pobwerera tinaima pasitolo kugula khofi ndi ufa wa mabanzi, ndipo titafika kunyumba achemwali anatsitsa mapepala a Ulrika pafiriji n'kuyatsira moto m'mbaula.

Lachiwiri lililonse timapitabe ku Torsby, atatu, m'kagalimoto kofiira. A Sixten amalamulabe za mabuleki, za matayala, za anthu osadziwa kuyendetsa, kuyambira pakhomo mpaka pamlatho wa pachigayo. Tikafika pamphambano amasiya nkhani pakati, n'kutsamira kumbuyo kuti akazi awo aone.